Khofi wa ku Misuku Wakoma Nditasiya Chiwaya n'Kutenga Phale

Anzanga okazinga khofi kunyumba, vuto limene lakhala likundisowetsa mtendere chipezereni khofi wosakazinga wa ku Misuku latha tsopano, ndipo chimene chalithetsa si chipangizo chochokera kunja ayi, koma phale la mphika wadothi, lomwe lija amayi athu amakazingira mtedza ndi chimanga.

Vutolo linali lakuti njere zinkapserera kunja zisanapse mkati. Pa chiwaya chopyapyala chimene ndinkagwiritsa ntchito, mbali ya njere yogona pachitsulo inkachita timawanga takuda, koma ndikaiswa ndi mpeni, mkati mwake munali motuwa ndi molimba. Khofi wotere amawawa ndi kuwawasa nthawi imodzi, ndipo amasiya kafungo ka udzu kukhosi. Ndinasintha kaperedwe, ndinasintha kuchuluka kwa madzi, koma sizinaphule kanthu, pakuti chimene chalakwika pamoto sichikonzeka m'kapu. Chitsulo chopyapyala chimalandira moto msanga ndi kuutaya msanga, kotero kuti kamphepo kakangowomba pambaula makala n'kukolera, kutentha kumakwera mwadzidzidzi ndipo njere zapansi zimapsereratu mthiko usanazifike. Dothi limachedwa kutentha, koma likatentha limasunga moto wofanana paliponse, ndipo mphepo siilisokoneza kwenikweni.

Tsopano ndimayatsa makala n'kudikira mpaka atakutidwa ndi phulusa loyera, kenako ndimatenthetsa phale lopanda kanthu kwa kanthawi ndisanathiremo njere. Sindipitirira magalamu 200, chifukwa zikachuluka zimasanjikizana ndipo zapamwamba zimatsalira. Kuyambira pamenepo mthiko suima. Njere zimachoka pa kubiriwira kupita ku chikasu, kenako zimayamba kufiirira, ndipo kuthetheka koyamba, phokoso la njere zikamang'aluka ndi kutentha, komwe kumachitika njere zikafika pafupifupi madigiri 196 a Celsius, kwabwera patatha mphindi 10, pomwe pachiwaya zina zinkathetheka pa mphindi 5 zinzake zikadali zachikasu. Ulendo uno zathetheka pamodzi, phokoso lake losadukiza ngati la mbuliwuli. Zitathetheka, ndinaphula pasanathe mphindi ziwiri, kutali ndi kuthetheka kwachiwiri kwa pa madigiri 224, chifukwa khofi wa kumapiri ngati ameneyu akadetsedwa kwambiri amataya kukoma kwake kwa zipatso n'kutsala utsi wokha. Ndinakhuthulira m'lichero n'kupeta panja, zomwe zimaziziritsa njere msanga ndi kuulutsa mankhusu nthawi yomweyo. Pasikelo zinatsala magalamu 170, kutanthauza kuti zinapepuka ndi magawo 15 pa 100 alionse, ndipo umu ndi mmene ziyenera kukhalira pa kakazingidwe kapakatikati.

Nditazisunga m'botolo kwa masiku angapo kuti mpweya wa mkati utuluke, ndinapera mosalalitsa n'kufulula mu French press, kajagi kokhala ndi sefa yokankhira pansi, magalamu 60 pa lita imodzi ya madzi, kwa mphindi 4. Kuno ku Lilongwe tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, choncho malangizo aja akuti mudikire madzi azizireko ndi a anthu okhala kufupi ndi nyanja yamchere. Ine ndimathira akangowira. Kapuyo inatuluka yoyera kukoma, yowawasa pang'ono mokomera, ndipo itayamba kuzizira kutsekemera kunamveka bwino popanda shuga.

Khofi wosakazinga ndi wovuta kumupeza, chifukwa wambiri amapita kunja ndipo wotsalayo amafika m'sitolo atakazingidwa kale. Wangayu ndinamupeza kudzera mwa wachibale amene amalima kumeneko ku Chitipa. Alimi a ku Misuku ali pansi pa bungwe la Mzuzu Coffee pamodzi ndi anzawo a ku Phoka m'boma la Rumphi, a ku Viphya, Nkhata Bay, Mzimba ndi Ntchisi, ndipo m'minda mwawo muli mitundu monga Geisha ndi Catimor. Pamene ndilibe wosakazinga, ndimagula wa m'paketi wa Mzuzu Coffee yemweyo kapena wa ku Satemwa ku Thyolo, esiteti imene inayamba mu 1923 ndipo imadziwika kwambiri ndi tiyi, koma nthawi zonse ndimasankha wa njere zathunthu, pakuti wopera kale amataya fungo msanga.

Chimene chinandikakamiza kulimbana ndi vutoli ndi chakumwa chomwe ndimapanga ponyika khofi mu bulande. Mowa waukali umakoka kuwawa ndi utsi wonse umene uli mu njere zopserera, mwakuti botolo lomwe ndinapanga ndi khofi wa pachiwaya silinamweke. Ndi khofi watsopanoyu ndanyika magalamu 100 opera mosalalitsa m'botolo la mamililita 750 la Premier Brandy kwa tsiku limodzi lathunthu, ndasefa ndi kansalu koyera, ndipo ndathiramo shuga wofiirira wosungunula m'madzi ochepa. Maganizo anga ndi akuti kuthira khofi ndi shuga mu bulande wodula wochokera kunja ndi kuwononga ndalama, popeza kukoma kumene munalipirira kumaphimbika. Bulande wathu yemweyu amakwanira ndipo thumba silidandaula. Chimodzimodzinso Malawi Gin, amene ndimamuona kuti amaposa mtengo wake: mu toniki wozizira, ndi supuni ziwiri za khofi wonyikidwa m'madzi ozizira usiku wonse ndi kachidutswa ka lalanje, amagwirizana bwino ndi khofi wosadetsedwa. Kutchipa kuli ndi malire ake, komabe. Mowa wosadziwika kumene wachokera ungakhale ndi poizoni wotchedwa methanol amene amachititsa khungu ngakhale kupha, choncho ndimagula botolo lomatidwa bwino basi, ndipo limakhalitsa chifukwa kakapu kamodzi kakang'ono pambuyo pa chakudya chamadzulo n'kokwanira.

Pa zodyera, chikondamoyo chochepa shuga ndi mbatata yootcha ndizo zayenderana ndi khofi ameneyu, komanso mtedza wa makademiya wa ku Thyolo wokazinga popanda mchere. Mandasi ndawasiyira tiyi, chifukwa mafuta ake amakuta lilime.

Phale lili ndi malire a magalamu 200 aja, ndipo mkono umatopa. Ndayamba kukambirana ndi mmisiri wowotcherera zitsulo za kamgolo kochindikala kozungulira pamwamba pa mbaula, kokhala ndi timapiko mkati ndi poika choyezera kutentha, koti kazikazinga kilogalamu yathunthu. Kakatheka, ndikufuna kupeza khofi wa ku Misuku, Phoka, Ntchisi ndi Thyolo, ndimukazinge mofanana ndi kumulawa tsiku limodzi, ndipo nyengo yokolola ikafika ndikadzionere ndekha kumapiriko mmene amatsukira ndi kuyanika.