Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Padenga ndi Alamu Anga

M'gawo lapitalo ndinalekezera pa envulopu ija imene anatipatsa mmodzimmodzi mu Ogasiti 2020, atatiuza kuti Covid-19 yaimitsa malonda ndipo kampani ikuchepetsa antchito. Ndinali ndi zaka 34, ana awiri, nyumba ya lendi ku Chirimba. Kwa zaka 8 ndinali kalaliki wa mosungira katundu ku Makata, kuwerenga makatoni olowa ndi otuluka. Lamulo la ntchito limati wochotsedwa motere alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyambirira, ndi a masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10. Zanga zinakwana masabata 19. Papepala zinkaoneka zambiri ndithu, koma Khirisimasi isanafike zinali zitapita.

Za miyezi yotsatirayo sindinena zambiri. Ndinkagula nyuzipepala kuti ndione masamba a ntchito basi, makalata ndinalemba osawerengeka, ku intavyu anandiitana kawiri. Ndinayesa geni ya mazira, mpamba unathera m'ngongole za anthu. Pakhomo tinkadya za mandasi ndi zitenje za mayi akunyumba.

Tsono mayi akunyumbawo ali ndi mchimwene wawo, mzime wa kwawo, amene ndimasiyana naye zaka 9. Mnyamatayu ankakhala kwathu pamene ankaphunzira zamagetsi ku Soche Technical College. Ya minibasi ndinkamupatsa ndine, makala ndinkamutuma ndine. Pofika Okutobala 2021 n'kuti akuika masola m'makomo mwa anthu. Tsiku lina madzulo anabwera, tinadya, ndipo nditamuperekeza mpaka pamsewu anaima n'kuyang'ana pansi.

"Alamu, mawa ndili ndi kantchito ku Machinjiri, koma ndilibe wondigwirira makwerero. Kaya muli ndi mpata?"

Mpata ndinali nawo wochuluka, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Ndinadziwanso kuti nkhaniyi inaphikidwa kukhitchini ndi achemwali ake. Ndinati ndiona. M'mawa mwake ndinavala shati yoyera yosita bwino, ngati ndikupita ku ofesi. Mlamu wanga anangoyiyang'ana osanena kanthu.

Amene sanakwerepo padenga la malata mu Okutobala sadziwa dzuwa la Blantyre. Pofika 10 koloko malata anali akuotcha zikhatho, thukuta likulowa m'maso, shati ija itasanduka chiguduli. Nditangokwera ndinaponda pakati pa lata, linalira kuti phwaa, n'kubonyoka. Mwini nyumba anatulukira pakhonde.

"Alamu, pondani pamene pali misomali! Pansi pake m'pamene pali thabwa."

Anakuwa ndithu, pamaso pa kasitomala, mwana amene ndinkamutuma makala. Mtima unandiwawa kuposa zikhatho. Ndinangoti chabwino, n'kuyamba kuyenda motsata mzere wa misomali ngati nkhuku yonyowa. Tsiku lomwelo ndinaphunzira kuti kuno kwathu panelo imayang'ana kumpoto, chifukwa dzuwa limadutsira mbali imeneyo miyezi yambiri ya chaka, makamaka nthawi yozizira. Ndinaphunziranso kuti mthunzi wa nthambi imodzi ya mango ukhoza kufooketsa panelo yonse. Mwini nyumba anatsutsa kwambiri za kudula nthambiyo, mpaka mlamu anamuonetsa pa mita mmene mphamvu ikutsikira.

Madzulo anandipatsa ndalama yanga atayipinda m'manja, monga mmene ine ndinkamupatsira ya minibasi. Apongozi anga atamva anaseka pafoni n'kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Iwo ankaseka, ine ayi.

Sabata yachitatu ndinaotcha controller. Kachipangizo aka kamakhala pakati pa panelo ndi batire, kamateteza batire kuti isadzaze mopitirira. Pali dongosolo lake: uyambe walumikiza batire, kenako panelo. Ine ndinayamba ndi panelo, dzuwa lili pamutu, n'kusemphanitsanso mawaya. Kafungo ka pulasitiki yopsa sindidzakaiwala. Mlamu anakhala pa ndowa, anagwira kumutu, kenako anati, "Alamu, lofiira ku lofiira. Ngakhale ana a sukulu amadziwa." Phindu lonse la ntchito imeneyo linathera pogula china ku Limbe, ndipo sanandidule kanthu. Bwenzi atandidula, mwina ndikanagona bwino usiku umenewo.

Koma chimene chinandilasa kwambiri chinali china. Tsiku lina ku Limbe, nditasenza makwerero ndi mpukutu wa waya, ndinakumana ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa ntchito ku Makata, iye sanachotsedwe. Anayamba kuti "Abwa…" n'kulekeza pakati, maso ali pa jombo zanga. Kenako anati, "Akulu, zikuyenda?" Ndinati zikuyenda. Anafuna kundigulira Fanta, ndinakana, ngakhale kukhosi kunali gwa. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinkakana chiyani.

Zinthu zinatembenuka mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku. Foni ya mlamu inayamba kulira usana ndi usiku. Ometa, ogulitsa zoziziritsa, amayi ofuna kuti ana aziwerenga madzulo, onse ankafuna sola dzulodzulo. Apa m'pamene ndinaona pamene mnzangayo ankatsimphina. Manja ake ndi aluso, koma mitengo ankainena pakamwa, malisiti ankaponya m'chikwama cha zida pamodzi ndi mapulayala, ndipo sankadziwa amene wamaliza kulipira ndi amene watsala.

Ndinagula kope lachikuto cholimba, longa limene ndinkagwiritsa ntchito ku Makata. Tsamba lililonse kasitomala wake: panelo zingati, batire ya mphamvu yanji, waya mamita angati, walipira zingati. Mwezi woyamba ndinapeza anthu anayi amene anali asanamalize ndalama, mlamu ataiwala kalekale. Ndinapita ndekha kukatolera, nditavala shati yoyera ija.

Kopelo silinatipulumutse pa chilichonse. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ife titalonjeza kale mayi wina wa ku Bangwe mtengo wa mabatire awiri. Titafika kusitolo mitengo inali itasintha, ndipo mayiwo anagwira mawu athu. Tinaika mabatirewo moluza. Usiku womwewo ndinalemba ndi bolopeni yofiira pansi pa tsamba lililonse kuti mtengowu ndi wa masiku 7 okha.

Mlamu anawerenga mzerewo kawiri, n'kutseka kope. "Alamu, kuyambira mawa za ndalama muzilankhula ndinu ndi makasitomala. Koma padenga muzimverabe ine."

Padenga ndimamumverabe. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za ntchito yoyamba imene ananditumiza ndekha ku Lunzu, ndi mmene ndinaiwalira fyuzi kunyumba.