Sabata yonse yathera pa "but"

Lolemba ndinalowa mu fomu 4 ndi mtolo wa makope omwe ndinachonga kunyumba. Ndinawapatsa zoti afotokoze tsiku la mwera kunyanja, poti kuno ku Nkhotakota palibe mwana osaudziwa mwera. Nkhani zake zinali zokoma ndithu, wina mpaka anafotokoza mmene amalume ake anabwerera ndi bwato lodzaza madzi m'malo mwa usipa. Koma kope ili kope ilo chiganizo chimodzimodzi: "Although the lake was rough but my uncle went fishing."

Poyamba ndinangodula "but" uja ndi cholembera chofiira nkuwauza kuti "although" ndi "but" sayendera limodzi, sankhani amodzi basi. Onse "yes madamu". Lachiwiri ndawapatsa ziganizo zisanu zoyeserera, zomwe zija zabweranso.

Usiku wake ndikupikula kondowole ndinadzimva ndekha ndikuuza mwana wanga kuti "ngakhale watopa koma mbale utsuke". Pamenepo mpamene ndinazindikira. Anawa si kuti ndi mbuli ayi, akuganiza bwinobwino m'Chichewa momwe ngakhale ndi koma amakhala pamodzi popanda vuto, ndiye akamalemba Chizungu amangonyamula onse awiri. Chizungu chimafuna mmodzi yekha chifukwa onse ntchito yawo ndi imodzi, kusonyeza kuti zomwe umayembekezera sizomwe zachitika.

Lachitatu sindinatsegule buku. Ndinalemba KOMA pa bolodi nkuwauza kuti aliyense anene chiganizo chomwe wamva lero chokhala ndi mawuwa. Zinatuluka zambiri abale, koma ndiye kwatentha, koma inu, koma nsomba yakeyo, koma ziliko. Tinayamba kusankha limodzi kuti koma wotsutsa ndi uti, wodabwa ndi uti, wodandaula ndi uti, ndipo anaona okha kuti koma wathu amasenza katundu wambiri pamene "but" amasenza wochepa. Kalasi yomwe imakhala chete ngati pamaliro tsiku limenelo inachita phokoso mpaka ahedi anasuzumira pawindo.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri chinali cha Lachinayi. Ndinalemba ziganizo ziwiri, "The chambo is fresh but expensive" ndi "The chambo is expensive but fresh", nkufunsa ngati zikusiyana. Anyamata akumbuyo akuti nzofanana madamu mawu ake ndi omwewo. Mtsikana wina yemwe amathandiza mayi ake kugulitsa nsomba kumsika anakweza dzanja nkunena kuti woyambayo sagula akungodutsa, wachiwiriyo ndalama watulutsa kale. Ndinachita kumuombera m'manja ine, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo, mawu obwera pambuyo pa "but" ndi amene amalemera.

Lachisanu tinangokhudza pang'ono "but" wotanthauza kupatula, monga "everyone but me", amene amawasokoneza kwambiri pa comprehension. "However" ndamusiyira sabata yamawa chifukwa iyeyo ali ndi zake za ma comma ndi mafulusitopu.

Zimandiwawa kuti mwana wanzeru pa biology ndi masamu atha kusowa satifiketi ya MSCE chifukwa cha Chizungu chokha, poti ukalephera phunziro limeneli a MANEB sakupatsa. Nchifukwa chake tinthu tating'ono ngati timeneti sinditisiya. Makope a Lachisanu ndawerenga theka, "although ... but" ndamupeza mwa atatu okha, ndipo atatuwo ndikhala nawo pansi pa mtengo wa mango Lolemba nthawi ya buleki.