Mfuti zobwereka ku Arizona

Mayi amene anandibwereka mfuti zawo zinayi m'mawa uja anali a msinkhu wa agogo anga, ndipo anavala diresi lofika kumapazi, chipewa chachikulu ndi lamba wachikopa wokhala ndi mfuti ziwiri zazing'ono m'chiuno. Sanali kundidziwa, ndipo mpaka dzuwa kupendeka sanandifunse dzina langa lenileni, chifukwa pamasewera a Cowboy Action Shooting, opikisana kuwombera zitsulo mutavala ngati abusa a ng'ombe a makedzana a ku America, aliyense amadziwika ndi dzina lodzipatsa yekha. Ine ndinalemba kuti Mlendo pakaundula wa tsikulo, dzina limene linawavuta lilime onse amene anayesa kulitchula.

Ndimakhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu, ndipo pofika February chisanu chimakhala chitatikwana tonse. Mnzanga wa kuntchito, amene wakhala m'masewerawa zaka zambiri, anandinyengerera kuti tipite limodzi ku Arizona kukaothera dzuwa. Za ndege yopita ku Phoenix ndilibe chonena, kupatula kuti galimoto ya hayala inatidya ndalama zoposa zimene tinaona pa intaneti, poti inshuwalansi ndi misonkho anationjezera titafika kale pakauntala. Kumpoto kwa mzindawu kuli bwalo lalikulu lowomberako mfuti la Ben Avery, kumene masiku ano kumachitikira mpikisano wa dziko lonse lapansi wa End of Trail, umene unayamba mu 1982 ku California. Ife sitinali a kumeneko. Tinapita kukalabu yaing'ono ya m'chipululu imene imakumana kamodzi pamwezi, ndipo polowa ndinalipira madola 20.

Malamulo amene makalabu ambiri amatsatira ndi a bungwe la Single Action Shooting Society, limene linakhazikitsidwa mu 1987. Wowombera amafunika mfuti ziwiri za m'chiuno zimene umayamba wakoka kachitsulo kakumbuyo ndi chala chachikulu usanakhethemule, mfuti yaitali yotchera ndi chogwirira cha pansi, ndi chifefe, zonse za mapangidwe a zaka za m'ma 1800. Za mayi aja zinali zopangidwa ku Italy ndi kampani ya Uberti potengera mfuti za Colt ndi Winchester za mu 1873, ndipo zigwiriro zake zinali zitasalala ndi manja. Zovala nazo zili ndi lamulo: zipewa za mpira, nsapato zothamangira ndi malaya olembedwa maina a makampani saloleza. Ine ndinafika ndi nsapato zothamangira zomwezo, koma anandikhululukira poti ndinali wachilendo, ndipo chipewa ndinagula pomwepo pa madola 45, mtengo umene ukundiwawabe.

Chimene sindidzaiwala chinachitikira patebulo loikirapo zipolopolo. Palibe amene amayenda ndi mfuti yodzaza pabwalopo. Umaidzaza patebulo limeneli nthawi yako ikayandikira, wina akukuyang'anitsitsa. Mfuti ya m'chiuno ili ndi zibowo zisanu ndi chimodzi, ndipo ine, mwa nzeru za kwathu zoti malo asatsale, ndinayamba kudzaza zonse. Mayiwo anaika dzanja lawo pa langa mofatsa.

"Bambo, tulutsani zonse, tiyambirenso. Ikani chimodzi, dumphani chibowo chimodzi, kenako ikani zinayi."

Ndinachita monga ananenera, manja akunjenjemera, mpaka chipolopolo china chinagubuduzika patebulo. Anandiuza kuti ndikoke kachitsulo kaja mpaka kumapeto ndi kukatsitsa pang'onopang'ono, kenako anandionetsa cham'mbali kuti kakhala pachibowo chopanda kanthu. Anafotokoza kuti mfuti za mapangidwe akale zimenezi zikagwa pansi kachitsuloko katatsamira pachipolopolo, zimalira zokha, ndiye chifukwa chake aliyense amaika zisanu, ngakhale mfuti yake itakhala yamakono yokhala ndi zotetezera. Anandibwerezetsa kawiri pamfuti yachiwiri, anthu atatu akudikira kumbuyo kwanga, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anang'ung'udza.

Nditavala magalasi ndi zotseka m'makutu, ndinaima pakhomo la kanyumba kamatabwa konga sitolo yakale. Patsogolo panali zitsulo zoombera, zina zazikulu ngati chivundikiro cha mphika wa pamaliro, ndipo zinali pafupi kwambiri moti ndinaganiza kuti ngakhale mwana sangaphonye. Pa gawo limeneli la masewerawo ndinayenera kuwombera zipolopolo khumi ndi mfuti yaitali, khumi ndi za m'chiuno ndi zinayi ndi chifefe. Zitsulo zinayi za mfuti yaitali ankafuna kuti ndiziwombe kuchokera kumanzere mpaka kumanja, ndibwerere, ndipitenso, dongosolo limene amalitcha Nevada sweep. Kachipangizo kowerengera nthawi katalira pafupi ndi khutu langa, dongosolo lonse linandithawa m'mutu. Ndinawomba chitsulo chachinayi kawiri, ndinaphonya katatu ndi mfuti za m'chiuno, ndipo chitsulo chomaliza cha chifefe chitagwa, chimwemwe chinanditembenuzira kwa anthu mfuti ili m'manja. Wosunga nthawi anakuwa mawu amodzi ochenjeza ndi kutchinga phewa langa ndi mkono, ndipo ndinaima. Lamulo limati kamwa ya mfuti isapitirire madigiri 170, kutanthauza kuti iziloza kutsogolo kokhakokha, ikhale yodzaza kapena ayi, ndipo wodutsa malirewo amamuchotsa pa gawo limenelo. Ine ndinatsala pang'ono.

Patebulo lachiwiri, pamene umaonetsa kuti mfuti zonse zilibe kanthu, mayi aja anali akundidikira. Ndinayembekezera kuti andilanda mfuti zawo, koma anangoti: "Mwaphunzira lero chimene ena amaphunzira atachotsedwa. Imwani madzi, gawo lina likubwera." Owerengera atatu anakweza zala zitatu aliyense. Kuphonya kulikonse kumawonjezera masekondi 5 ndipo kusokoneza dongosolo kumawonjezera 10, choncho masekondi anga 71 anasanduka 96, pamene akatswiri amamaliza gawo lotere asanakwane 20.

Kwa amene angafune kuyesa, chenjezo loyamba ndi la chilolezo. Lamulo la dziko la America silimalola mlendo wolowa ndi viza ya kanthawi kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi chilolezo chosakira nyama. Ine ndili ndi chiphaso chokhala m'dzikomo mokhazikika, n'chifukwa chake ndinaloledwa. Lachiwiri ndi la thumba. Mfuti zinayi, lamba, zovala ndi kangolo kokankhira katunduyo zimapitirira madola 3,000 mosavuta, ndipo magawo asanu ndi limodzi a tsiku limodzi amadya zipolopolo zoposa 140. Ndiye chifukwa chake ukamaliza kuwombera anzako amakutolera makoko a mkuwa pansi, poti ambiri amadzaziranso wonga ndi mtovu kunyumba. Musagule kanthu musanapite kukaonerera. Mayi aja anakana ndalama ya zipolopolo zawo ndipo anandipempha kuti m'malo mwake ndizidzutsa zitsulo zakugwa, ntchito imene ndinagwira mpaka msana unauma.

Poyamba zinandiseketsa kuona madokotala ndi aphunzitsi opuma pantchito atavala ngati abusa a ng'ombe a makedzana, koma ndinakumbukira malipenga a ku Nkhata Bay, kumene amuna aulemu wawo amavala zoyera ngati asilikali a atsamunda, ena n'kukhala mfumu, ena dokotala, ndipo palibe amene amati apenga. Chimene chinandikhala pamtima ndi china. Kwathu mfuti timaiona ndi wapolisi, msilikali kapena mbava, ndipo kuiona ikusanduka chidole cha Loweruka kumafuna kuzolowera. Komanso dziko limene tinaimapo analanda kwa eni ake, monga Aapache, ndi mfuti za nthawi yomweyo, ndipo ngakhale pakati pa abusa a ng'ombe enieni panali akuda ndi a ku Mexico ochuluka ndithu, pabwalopo munthu wakuda ndinali ndekha. Anandilandira bwino kwambiri, koma mbiri imene amasewera ndi yosankhidwa mbali zokoma zokha.

Mawa lake tinadutsa Tucson ndi Benson mpaka ku Tombstone, kumene kunachitikira kuwomberana kotchuka kwa pafupi ndi khola la akavalo lotchedwa O.K. Corral pa 26 October 1881. Tauniyi tsopano imadyera alendo, ndipo chilichonse n'cholipira. Kuwomberanako kunatha pa masekondi pafupifupi 30, anthu atatu n'kufa, ndipo mnzanga sanachedwe kundikumbutsa kuti pa liwiro langa akanatha kumenyana katatu ine ndisanamalize gawo limodzi.

Titabwerera ku Indiana ndinapeza kalabu ina pamtunda wa ola limodzi kuchokera kunyumba, ndipo ndapitako katatu. Mfuti ndikubwerekabe. Chimene ndagula mpaka pano ndi lamba wa kaunjika ndi jombo, ndipo mayi a kunyumba anena kuti za mfuti tidzakambirana tikamaliza kufolera nyumba ya ku Ntcheu.