Loko wa motorhome asakutsekereni mkati

Anthu ambiri kuno ku Britain akamagula kalavani (kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto) kapena motorhome (galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira mkati mwake) amafunsa za matiresi, firiji ndi shawa, za chitseko n'kudzazikumbuka mochedwa. Ine ndi mayi a kunyumba tili ndi motorhome yakale ndithu, yomangidwa pa vani ya Fiat Ducato, yomwe timapita nayo ku Wales ndi ana sukulu zikatsekera. Nkhani ya maloko imandikhudza kwambiri chifukwa m'galimoto imeneyi mumagona ana anga.

Tagogodani ndi chala chitseko cha mbali yogonayo, mumva nokha kuti n'chopepuka: pulasitiki kapena aluminiyamu wopyapyala kunja, mkati fomu. Amachipanga choncho dala. Amene anakhoza mayeso oyendetsa galimoto kuno kuyambira 1997, laisensi yawo wamba imalekezera pa galimoto yolemera makilogalamu 3,500, ndiye opanga amapeputsa chilichonse chimene angathe. Loko amene amabwera ndi chitsekocho nayenso ndi wofooka. Mitundu ya makiyi ake si yambiri, moti nthawi zina kiyi wa kalavani ina amatsegula yanu. Komanso wakuba safuna n'komwe kiyi, amangokhomera screwdriver pabowo n'kupotokola.

Zitseko ziwiri za kutsogolo, kwa dalaivala, n'zachitsulo koma musazidalire. Pa Ducato, Peugeot Boxer ndi Citroën Relay, zomwe thupi lake ndi limodzi, mbava zimadziwa poboola pafupi ndi chogwirira kuti zifike pa waya wa loko. Alipo mapuleti achitsulo ophimba malo amenewo, alipo maloko a HEOSafe otsekera mkati. Ife usiku timadutsitsa lamba wolimba m'zogwirira za zitseko zonse ziwiri n'kumukoka mpaka atathina, ngati mpiringidzo wa kumudzi uja. Wa panja ngakhale athyole loko, chitseko sichitseguka.

Tsono pamene mtima wanga sukhala m'malo ndi pa maloko owonjezera a kunja, onga Fiamma Safe Door ndi ena a Milenco kapena Thule. Ndi chitsulo chimene mumamanga pakhoma, n'kumachitembenuzira pachitseko ndi kukhoma ndi kiyi. Mukaisiya galimoto pamalo oimikapo n'kupita kunyanja, chimagwira ntchito bwino, ndipo wakuba akachiona amaganiza kawiri. Koma ambiri mwa maloko amenewa amatseguka ndi kunja kokha. Taganizani muli mtulo, wina wodutsa, kaya mwana wosewera, watembenuzira chitsulocho pachitseko. Mkatimo muli silinda ya gasi, chitofu, chotenthetsera, makatani ndi matiresi, zonse m'kachipinda kotalika mamita 6 kapena 7. Utsi umadzaza malo otere msanga zedi. Muli ndi mwana m'manja, mukukankha chitseko, sichikusuntha. Chithunzi chimenechi n'chimene chimandichititsa kukakamira mfundoyi.

Choncho musanagule, funsani wogulitsa ngati lokoyo amakhomeka ali chotsegula, kuti wina asathe kumutembenuza inu muli mkati. Kuposa apo, gulani wokhala ndi chopotokolera mkati, amene mumatsegula ndi dzanja popanda kiyi. Amadula pang'ono, koma kwa ine palibe zokambirana. Lamba wa kutsogolo uja nayenso akhale wa chomangira chomasuka ndi chala chimodzi, osati mfundo. Ana athu tinawaphunzitsa kutsegula chitseko magetsi titazimitsa, wamng'onoyo akupapasa mpaka atapeza chogwirira yekha. Alamu ya utsi ndi ya carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo, timaziyesa tisananyamuke.

Pomanga loko wotere samalani ndi kuboola khoma. Bowo lililonse ndi njira ya madzi, ndipo ndi mvula ya kunoyi chinyezi chimawoletsa makoma a kalavani mwakachetechete. Matani bwino pozungulira mabawuti, kapena sankhani mtundu womangirira pafelemu ya chitseko. Ngati galimoto idakali ndi walanti ya chinyezi, yambani mwafunsa.

Mawindo ndi apulasitiki, timaloko take natonso n'tapulasitiki, ndiye pasipoti, laputopu ndi ndalama musazisiye poonekera.

Eni makalavani okokedwa ali ndi vuto lina: akuba amakoka nyumba yonse. Pamenepo loko wa chitseko sathandiza kanthu. Pamafunika loko wa pokokera ndi wa tayala, makamaka amene anayesedwa ndi a Sold Secure, bungwe loyesa kulimba kwa maloko. Makalavani a kuno kuyambira 1992 amalembetsedwa ku CRiS, kaundula wa makalavani, ndipo nambala yake ya zilembo ndi manambala 17 imadindidwa pamawindo. Pogula yogwiritsidwa kale ntchito, ifananitseni ndi ya pamapepala. Muwerengenso bwino pepala lanu la inshuwalansi, chifukwa makampani ambiri amatchula maloko amene ayenera kukhala okhoma mukaisiya kalavani, ndipo ikabedwa maloko amenewo asanakhomedwe akhoza kukana kulipira.