Masamba a soya musawaike m'pulasitiki

Ndamaliza kumenya soya dzulo. Matumba ake sindinena, ndi zamanyazi pa malima atatu. Koma mtima wakhalako pansi, ndiye ndifotokoze momwe ndinavutikira mu February kuti ndingodziwa dzina la matenda amene anandidyera munda.

Masamba a m'munsi ndiwo anayamba chikasu, soya atachita kale maluwa, mvumbi uli sabata yathunthu. Alangizi a kampu yathu anali kutali, pa foni anangoti, "Thyolani masamba mupite nawo ku ofesi m'tauni." Ine ndinathyola m'mamawa mame ali chonchi, n'kuunjika m'pulasitiki, n'kumanga fundo. Apa ndi pomwe ndinadzipha ndekha.

Ndinafika ku Chipata cha m'ma 9, njinga inandisiya pa geti. Amayi a pakhomo anati amene amaona za matenda a mbewu atuluka pang'ono, ndikhale pa benchi. Pang'ono pakepo! 11 inakwana, 13 anthu anapita kukadya nsima, anabwerako akutokosa m'mano, ine ndili pomwepo. Cha m'ma 15 mpamene wina anakumbuka kuti abwanawo ali ku msonkhano wa tsiku lonse. Chikhala anandiuza m'mawa, bwenzi nditabwerera kukapalira nshawa. Chimandiwawa mpaka lero si ndalama ya minibasi ayi, koma kuti onse amene ankandidutsa pa benchipo ankadziwa.

Mawa lake ndinawapeza. Atamasula pulasitiki anabweza mutu. "Bambo, mwandibweretsera ndiwo zowola. Apa ndionapo chiyani?" Masamba anali ataphikika, nkhungu ina itamera pamwamba. Choncho mverani: pepala. Nyuzipepala yakale kapena envulopu, masamba ouma mame, oyala bwino.

Ndaiwala, tsiku la benchi lija pobwerera ndinalowa m'sitolo ina ya mankhwala a mbewu. Mnyamata wa pa kauntala sanayang'ane n'komwe tsamba, anangonditsitsira botolo. Ndinapopera munda wonse ndi mphwanga. Anali mankhwala a mbozi, munda wopanda mbozi.

Ulendo wachitatu ndinapita ngati munthu. Musatenge masamba ofa kale, tengani amene angoyamba madontho, ena abwinobwino, ndi chitsamba chimodzi chozula ndi mizu yomwe. Abwana aja anatembenuza tsamba, nayang'ana kunsi kwake ndi kagalasi, kenaka analikhula pa pepala loyera. Panatsala fumbi lofiirira. Ndi dzimbiri, a kafukufuku amati Phakopsora pachyrhizi. Timatuza take timakhala kunsi kwa tsamba, ine masiku onsewo ndinkayang'ana pamwamba. Anati kuno kulinso matenda ena a madontho ofiira, red leaf blotch, amene anthu amasokoneza ndi dzimbiri, n'chifukwa chake safuna kungomva pa foni.

Chinandichititsa manyazi n'chakuti dzimbiri siliyenda m'mbewu. Limabwera ndi mphepo, ndipo likapeza tsamba lonyowa maola angapo limalowa. Ine ndinali nditakalipira kale alamu anga amene anandipatsa Tikolore yobzala, n'kumati mbewu yanu ndi yodwala. Ndinakapepesa ndi nkhuku.

Ndinafunsa za Trichoderma, poti ndinamvapo kuti ndi nkhungu yabwino yolimbana ndi nkhungu zoipa popanda poizoni. Anaseka pang'ono. Imathandiza ku matenda a m'nthaka owoletsa mizu, anatero, koma dzimbiri la pa masamba musaidalire. Inokulanti imene timapaka ku mbewu nayonso si mankhwala a matenda, ntchito yake ndi timibulu ta ku mizu topatsa soya chakudya. Njira yogonjetsa nkhungu ndi nkhungu inzake imene yafika kale m'manja mwa alimi ndi Aflasafe, ya chuku cha m'chimanga ndi nshawa, yomwe a IITA, bungwe la kafukufuku wa zaulimi la maiko ambiri, anakonza pamodzi ndi a ZARI, a kafukufuku wa zaulimi a boma la Zambia. Ku soya wanga inalibe gawo.

Za mbewu yopirira, ku Msekera kuno, pa malo a kafukufuku wa zaulimi, amayesa mitundu ya soya m'timinda tawo, ndipo tsiku la chionetsero likamveka ndidzapita ndikadzionere ndekha umene waima wobiriwira. Koma anandichenjeza kuti dzimbiri lili ndi mitundu yambiri, mbewu yopirira chaka chino ikhoza kugwa mtsogolo. Chachikulu ndi kubzala msanga mu December, kuyendera munda kuyambira pa maluwa mukutembenuza masamba a m'munsi, ndi kupopera mankhwala a nkhungu madontho akangooneka. Ine pomwe ndinkagula oyenerawo, masamba anali atayamba kuyoyoka. Masiku asanu ndi anayi anapita, awiri a pulasitiki, ena a mbozi zimene kunalibe.

Pepala, anzanga, osati pulasitiki. Ndipo imbani foni musanakwere minibasi, mufunse ngati munthuyo alipodi tsiku limenelo. Botolo la mbozi lija latsala theka, lili pa denga la nkhokwe, wofuna abwere atenge.