Sheya, ngongole ndi munda wa amayi: zomwe ndaphunzira sabata ino

Chaka chino ndikubwereza Chingerezi cha MSCE, patapita zaka zambiri ndili pabenchi yogulitsa tomato. Timaphunzira madzulo, akuluakulu okhaokha. Sabata ino aphunzitsi anabwera ndi mawu okhudza kugawana ndi umwini wa zinthu, ndipo ine ndinati apa ndiye pakwanga, chifukwa ndine mlembi wa gulu la banki mkhonde. Mawu oti "share" ndimawatchula Lachinayi lililonse. Sheya imodzi pagulu lathu ndi K2,000, munthu amagula imodzi mpaka zisanu, ine n'kudinda m'kabuku kake. Disembala ikafika timatsegula maloko atatu a bokosi n'kugawana.

Kudzitama kwanga kunathera pachiganizo chachiwiri. Aphunzitsi analemba pabolodi "We shared the money", pansi pake "We share a bathroom", n'kutiuza timasulire. Choyamba ndinamasulira mosavuta: tinagawana ndalama. Chachiwiri ndinalemba kuti timagawana bafa, kalasi yonse kuseka. Bafa la pa lendi palibe amalidula pakati, timangosambamo tonse mosinthana. Ndiye kuti mawu amodziwa akunyamula zinthu ziwiri zomwe ife timazisiyanitsa: kugawana, pomwe aliyense amanyamula chake n'kumapita, ndi kudyera mbale imodzi, pomwe chinthucho chimakhalabe chathunthu. Aphunzitsi anati kalekale mawuwa ankatanthauza kudula, ndipo ndi pachibale ndi "shear", kumeta nkhosa. Chitsulo cha pulawo chomwe chimang'amba nthaka amachitcha "ploughshare" pachifukwa chomwecho. Lero pa WhatsApp timati "sheyani uthengawu", koma palibe chomwe chikudulidwa, wotumizayo amatsala nawo wonse. Kugawana kotereku ngakhale womana amakutha.

Pa "borrow" ndi "lend" tinagwa tonse. Ndani sanayankhulepo kuti "borrow me your pen"? Sikuti ndi umbuli, m'mutu timakhala tikunena kuti "ndibwerekeko cholembera". Ife timangowonjezera kamchira: kubwereka, kubwereketsa, kukongola, kukongoza. Azungu ali ndi mawu awiri osafanana n'komwe. Njira yanga yokumbukirira ndi iyi: "borrow" akuyamba ndi b ngati "bwera", ndiye kuti chinthucho chikubwera kwa ine. Koma pena Chichewa n'chomwe chimasamala kwambiri. Khasu timabwereka chifukwa lidzabwerera lomwelo, ndalama timakongola, ndipo mchere timangoti "mundigawireko", aliyense akudziwa kuti sudzabwezedwa. Iwo zonsezi akhoza kunena "borrow", ngakhale shuga wa kwa neba.

Mawu a magawo sanandivute. Ife tili ndi mtanda wa nsima, nthuli ya nyama, mulu wa tomato. Iwo ali ndi "slice" ya buledi, "portion" ya chakudya cha munthu mmodzi, ndi "second helping" ukawonjezera. Ndinakonda "the lion's share", gawo lalikulu koposa, lochokera m'nthano za Aesop, momwe mkango unapita kosaka ndi anzake koma pogawa unapeza zifukwa zotengera nyama yonse.

Omwe anandiopsa ndi "own" ndi "owe". Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, ndipo akuti onse anachokera ku muzu umodzi. Kwa mlembi ngati ine chilembocho ndi mlandu. Ndikalemba mu lipoti kuti mayi wina "owns K50,000" pomwe ndimafuna kunena "owes", ndamupatsa chuma munthu yemwe ali ndi ngongole ya gulu. Usiku womwewo ndinatsegula malipoti anga akale. Ndinapeza malo awiri pomwe ndinalakwitsa chomwecho, mwayi wake manambala m'buku lalikulu anali olondola.

Kenako panabwera "estate". Ine ndinkadziwa esiteti ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena ya fodya ku Kasungu, basi. Sindinkadziwa kuti katundu yense amene womwalira wasiya, kaya ndi njinga, mbuzi ziwiri ndi wailesi, pamalamulo ndi "estate". N'chifukwa chake lamulo la chuma chamasiye la 2011 limatchedwa Deceased Estates Act, ndipo limakhudza wosauka yemwe, osati eni minda ikuluikulu okha.

Ntchito ya kunyumba inali yolemba ziganizo zisanu zokhala ndi "own" kapena "belong to". Foni, benchi ndi ndowa zinayenda bwino. Nditafika pa munda wa kumudzi ndinaima. Amalima ndi amayi. Anawasiyira ndi agogo aakazi, ndipo malowo anagawa ndi amfumu kalekale. Pakabuka mkangano wa malire amapita ndi amalume, poti ndiwo mwini mbumba. Nanga "owner" ndani pamenepa? Ndikalemba kuti "my uncle owns", mzungu amva kuti amalume akhoza kugulitsa mundawo mawa, zomwe atayesa mudzi wonse ungawaukire. Umwini wa mwini mbumba ndi woyang'anira ndi kuyankha milandu, si wogulitsa. Ndi momwenso timanenera kuti mwini maliro. Ngakhale poyankhula wamba timati kwathu, amayi athu, mwana wathu, pomwe Chingerezi chimafuna "my". Mnzanga wina m'kalasi, yemwe anabadwa yekha, analemba "our mother", aphunzitsi n'kumufunsa kuti abale akewo ali kuti.

Nkhaniyi si ya mayeso okha. Lamulo la malo a mafumu la 2016, Customary Land Act, limalola kulembetsa malo otere kukhala "customary estate", ndipo tsiku lina banja lathu lidzakhala pansi kukambirana maina oti alembedwe papepala.

Pamapeto pake ndinalemba kuti "The garden belongs to our family". Aphunzitsi anachonga, koma anazunguliza "garden" ndi inki yofiira, n'kulemba pambali kuti munda wa chimanga wa maekala awiri ndi "field", pakuti "garden" ndi kadimba ka masamba kapena maluwa a pakhomo. Mawu amenewo ndiwo ndayamba nawo tsamba latsopano m'kope langa.