Masitiroberi a Kuseri kwa Nyumba Yanga ku Matawale

Aliyense amene anakwerako msewu wokhotakhota wa pa phiri la Zomba m'nyengo yozizira amawadziwa anyamata amene amaima m'mbali mwa msewu atanyamula mbale za masitiroberi, mabulosi ndi zipatso zina za pamwamba paja. Ine ndinagula kwa iwo kwa zaka zambiri, kufikira tsiku limene ndinapempha mmodzi kuti andigulitse mbande m'malo mwa zipatso. Ndinatsika ndi mbande 30 zokulunga m'pepala lonyowa, ndipo ndinazibzala kuseri kwa nyumba yanga ku Matawale, m'tauni ya Zomba.

Chaka choyambacho bedi langa linali lokongola koposa. Masamba anali obiriwira bii, otambalala, ndipo mbewu zinayanga mpaka kutseka njira yopita ku mpopi. Alendo ankayamikira, inenso ndinkadzitama, koma zipatso zonse zimene ndinathyola nyengo imeneyo sizikanadzaza mbale ziwiri. Bambo wina wachikulire amene amalima pafupi ndi Ku Chawe, pamwamba pa phiripo, nditamufotokozera, sanafunse zambiri. Anangoti, "Amayi, mwaweta masamba inu. Zingwe zija mumadula?" Ndinali ndisanadulepo ngakhale chimodzi, chifukwa ndinkaganiza kuti kuchuluka kwa mbewu ndiko kuchuluka kwa zokolola.

Zingwe zimenezi ndi tinthambi titalititali toyanga pansi, timene timatuluka pa tsinde ndi kukamera mizu patsogolo n'kusanduka mbewu yatsopano. Mwana aliyense wotere amayamwa kwa make mpaka mizu yake itagwira, choncho chakudya chimene chikanapita ku maluwa ndi zipatso chimathera kolera ana. Kuwonjezera apo, anawo amadzaza bedi mothinana, nalimbirana madzi ndi dzuwa, ndipo mpweya suyendanso pakati pa masamba. Tsopano ndimayendera bedi sabata iliyonse ndi sizasi, ndipo chingwe chilichonse ndimachidula chikangoonekera. Ndimadula osati kukoka, pakuti mizu ya sitiroberi ndi yosazama ndipo mbewu yonse ikhoza kuzuka. Poyamba mtima unkandipweteka kutaya mbande zaulere, koma kusiyana kwa zokolola kunandichiritsa msanga.

Sikuti zingwe zilibe ntchito ayi. Tsinde la sitiroberi limabereka bwino kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kenako zipatso zimayamba kuchepa ndi kunyentchera, ndipo matenda amachuluka m'mbewu zokalamba. Choncho zokolola zikatha ndimasankha matsinde ochepa amene anabereka kwambiri ndipo alibe chizindikiro cha matenda, n'kuwalola okhawo kutulutsa zingwe. Pansi pa mwana woyamba wa chingwe chilichonse ndimaika kachubu ka dothi, ndimamupanikiza ndi kawaya kopinda, ndipo pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi amakhala atamera mizu yokwanira kumulekanitsa ndi make.

Cholakwa changa chachiwiri chinali feteleza. Ndinkathira yureya wotsala ku chimanga, ndipo yureya ndi nayitirojeni yekhayekha, amene ntchito yake ndi kukuza masamba. Akachuluka, zipatso zimakhala zochepa, zofewa ndi zosachedwa kuola. Ngakhale feteleza wachitowe uja wa 23:21:0+4S sakwanira pa mbewu imeneyi, chifukwa ziro ali pa thumbayo akutanthauza kuti mulibe potashi, pamene potashi ndiye amathandiza kuti chipatso chikhwime bwino ndi kutsekemera. Masiku ano maziko anga ndi kompositi ndi manyowa owolerana bwino, amene ndimasakaniza ndi dothi masabata angapo ndisanabzale, ndipo ndikafuna kuwonjezera wa m'sitolo ndimayang'ana kuti nambala yachitatu pa thumba isakhale ziro. Phulusa la nkhuni lilinso ndi potashi, koma ndimawaza pang'ono chabe, popeza sitiroberi amakonda dothi lowawasa pang'ono, la pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ya pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo phulusa lochuluka limachotsa kuwawasako.

Pali chinthu chimene alimi a pamwamba pa phiri ali nacho chimene ife a m'munsi sitingagule, ndicho kuzizira. Minda yawo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,800, pamene tauni ya Zomba ili pansi kwambiri ndipo imayamba kutentha msanga. Sitiroberi amene timalimayu anabadwira ku France m'zaka za m'ma 1700, pamene mtundu wochokera ku Chile unakwatitsidwa ndi wina wa ku North America, ndipo mitundu yake yambiri imayamba maluwa usana ukafupika ndi kunja kukazizira. N'chifukwa chake kuchedwa kubzala kumatipweteka ife kuposa iwo. Ine ndimabzala kumapeto kwa Marichi kapena mu Epulo, mvula ikamatha koma dothi likadali lonyowa, kuti pofika Juni mbewu zikhale zitakhazikika. Wobzala mu Julayi kuno kumunsi amakumana ndi dzuwa la Okutobala mbewu zake zitangoyamba kubereka.

Pobzala, malo amene masamba amatulukira pa tsinde ayenera kukhala ndendende pamwamba pa dothi. Mukawakwirira amaola, ndipo mukawasiya m'mwamba mizu imauma. Ndimasiya masentimita 30 pakati pa mbande, pa bedi lokwera loti madzi asadikhe, pamalo pamene dzuwa limawomba maola osachepera 6. Sindibzala pamene panali tomato, mbatatesi, mabiringanya kapena tsabola, chifukwa mbewu zimenezi zimasiya m'dothi matenda ofotetsa amene amagwiranso sitiroberi.

Kuphimbira ndiko ntchito yotsika mtengo imene imabweza zambiri. Udzu wouma wopanda njere, kapena masamba ouma a paini amene sasowa kuno ku Zomba, amasunga chinyezi ndipo amanyamula zipatso kuti zisagone pa dothi. Madzi ndimathira m'mawa, pansi pa tsinde, osati pamwamba pa masamba. Izi zimafunika kwambiri masiku a chiperoni, pamene nkhungu ndi mvula yowaza zimakhala masiku angapo osalekeza, chifukwa chuku chotuwa chimagwira zipatso zonyowa n'kufalikira mofulumira. Chipatso chilichonse chimene chayamba kuola ndimachichotsa n'kukachitaya kutali ndi bedi. Kukatentha mu Seputembala vuto limasintha, pakuti amabwera akangaude ofiira aja amene olima tomato amawadziwa bwino, obisala kunsi kwa masamba, ndipo mbewu yosowa madzi ndi imene amayamba kuigwira.

Apumbwa anandibera zipatso zambiri, ndipo chaka china ndinaphimba bedi lonse ndi neti yakale yotetezera udzudzu. Mbalame zinalephera kulowa, koma njuchi nazonso zinatsekeredwa kunja, ndipo zipatso zimene zinatsatira zinali zopindika, zina zokhwinyata kunsonga. Duwa limodzi la sitiroberi lili ndi timbali tambirimbiri tofunika mungu, ndipo pamene mungu sunafike mnofu sukula. Ndinasintha n'kuika ukonde wa maso akuluakulu, oti njuchi idutse koma pumbwa ayi.

Sitiroberi sawonjezera kutsekemera akathyoledwa monga zimachitira nthochi kapena mango, choncho ndimadikira kuti afiire thupi lonse, ndipo ndimathyola m'mawa mame akauma, pamodzi ndi kamphuno kake kobiriwira. Kuchokera pa duwa kufika pa chipatso chakupsa pamatenga pafupifupi mwezi umodzi, ndipo zikayamba ndimathyola pakadutsa masiku awiri alionse. Sabata ino ndazika timitengo pambali pa matsinde 8 amene abereka kuposa anzawo, kuti ndisadzawaiwale nthawi yosiya zingwe ikadzakwana.